Mafayilo Olemera Ziro

"Ndakusesererani zinyalala mukompyuta," anatero abwana akupukuta magalasi awo. "Mafayilo makumi anayi, onse olemera ziro."

Ndinangogwira m'mutu. Kuseri kwa khoma, makina osindikiza maadiresi a maphukusi anali atangoti zii. Panja madalaivala athu okapereka maphukusiwo anali atayamba kuliza mahutala.

"Bwana, foda yosungiramo mafayilo amenewo ndinaikonza ine, masabata atatu athunthu! Mafayilo aja satenga malo pa disiki ya kompyuta, n'chifukwa chake amaonetsa ziro. Ali ngati zenera. Mukatsegula imodzi, mukuona mmene pulogalamu yathu yosindikiza maadiresi yatcheredwera. Mukasintha mawu m'menemo, pulogalamu imamvera pompo."

"Nanga ukafufuta?"

"Imamveranso. Panopa yaiwala zonse, ndi dzina la kampani lomwe."

Dalaivala wina anasuzumira pakhomo, thukuta lili kamukamu. "Achemwali, tinyamuka lero kapena tizipita kwathu?"

Abwana anatsokomola. "Komatu inunso, chinthu choopsa chotere osaikapo chenjezo?"

"Ndinaika! Fayilo yoyamba pamwamba penipeni, ya zilembo zikuluzikulu: MUSAFUFUTE."

Anavala magalasi aja pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kudenga.

"Ndinayambira imeneyo," anatero. "Nayonso inali ya ziro."