Chipewa cha Dewey Lutz

Loweruka m'mawa, nyengo yachisanu itangotha, Orval Sprague anatsegula zitseko za garaja yake n'kuliza injini.

Galimotoyo inalibe dzina, chifukwa inali magalimoto ambiri. Injini inachokera mu lole ya ozimitsa moto. Mphuno inali ya Ford yakalekale, matayala akumbuyo anali a basi ya sukulu, ndipo thupi lake lalitali linali la galimoto yoperekera buledi. Denga analidula n'kulitsitsa, monga amachitira onse okonda liwiro, koma iye anapyola muyezo. Mawindo anatsala timipata tongokwana maso, moti munthu wapanja sakanaona amene akuyendetsa. Anaipaka penti yakuda kuti zipsera za kuwotcherera zibisike. M'mbali zonse ziwiri anakhomamo chitsulo chonyezimira chopindika ngati S, chimene anatola kumalo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Anati S ameneyo ndi wa Sprague.

Zonsezi zinayambira kometera tsitsi. Dewey Lutz, mwini galimoto yofiira imene inali isanagonjepo pa mpikisano, anali ataseka mulu wa zitsulo umene Orval ankaunjika pabwalo pake. Dewey sankavula chipewa. Kutchalitchi ankakhala pakhonde kuti asachivule, ndipo wometa ankangodula tsitsi lotulukira m'mphepete mwake.

"Zinyalala zakozo zikadzayenda pa msewu waukulu, ndidzazivulira chipewa ichi," anatero Dewey, anthu onse akumva.

Orval anapita kwawo, anapachika nsalu zakuda pamawindo a garaja kuti Dewey asasuzumire, n'kudzitsekera. Nyengo yonse yachisanu sanaoneke kometera, kutchalitchi kapena kogula zakudya. Ankadya nyemba za m'zitini. Anthu akagogoda sankatsegula. Oyandikana naye ankangomva chifuwa chimene fungo la penti linamupatsa, ndipo masabata omaliza ngakhale chifuwacho chinaleka kumveka.

Galimotoyo inali ndi tizovuta tiwiri. Nyali zake sizinkazima, poti mawaya a magalimoto osiyana anakana kumvana. Komanso injini yongomangidwa kumene siithamangitsidwa tsiku loyamba, imafuna kunyengerera. Choncho Orval anatuluka pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda pansi, nyali zikuyaka dzuwa lili phwee. Galu wake wokalamba, Mose, analibe pokhala m'katimo, ndiye ankatsatira pambuyo, mutu uli pansi.

Cholinga chinali chosavuta: kudutsa pakati pa tauni, n'kukadikira Dewey pa msewu wowongoka umene umayambira pa geti la manda, kumene magalimoto amapikisanirana.

Woyamba kumuona anali Mayi Tuttle, oyandikana naye nyumba. Anagwetsa tsache, anagwira pakamwa, n'kuthamangira m'nyumba. Orval anagwedeza mutu mokhutira. Pakona, lole ya mkaka inapatukira pambali n'kuima. Galimoto ina inachita chimodzimodzi, kenako ina. Anthu a kuno amaidziwa injini yamphamvu akaimva, anaganiza motero Orval.

Pamphambano wapolisi anaimitsa magalimoto onse, n'kuima njo, dzanja pachifuwa. Amuna amene amakhala pabenchi ya kometera anaimirira onse pamodzi, zimene sanachitirepo ngakhale galimoto yofiira ija. Mwini sitolo ya nsapato anatseka chitseko n'kutsitsa makatani. Belu la tchalitchi linayamba kulira, ndipo Orval anayang'ana wotchi yake n'kuona kuti woliza belu wasokoneza nthawi.

Atayang'ana pagalasi anaona mzere wa magalimoto pambuyo pake, wautali mpaka kukhota pakona, onse atayatsa nyali. Anali atayamba kale kumutsanzira. Ndipo kumbuyo kwenikweni kwa Mose kunali galimoto yofiira ya Dewey, ikukwawa mwaulemu, osayesa n'komwe kupitirira. Orval sanali munthu wozolowera kulemekezedwa, ndipo anapeza kuti n'zokoma.

Pa geti la manda anaponda mabuleki n'kuzimitsa injini. Magalimoto onse anaima. Anthu anatsika mwakachetechete n'kuzungulira, koma osayandikira kwambiri. Abusa anafika akupuma mwawefuwefu, akumanga mabatani a jekete, buku la mapemphero lili m'khwapa. Mayi Tuttle anali atanyamula mbale yovundikira ndi nsalu. Mose anagona pansi pa chitseko chakumbuyo n'kuusa moyo.

Ndipo Dewey Lutz anabwera. Anayenda yekha mpaka pamphuno pa galimotoyo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja n'kuvula chipewa. Mutu wake unali woyera ngati dzira, wosawalidwapo ndi dzuwa, ndipo tauni yonse inauona.

Orval anali atadikira zimenezi nyengo yathunthu, choncho sanafulumire. Anakhala kaye m'katimo, akuonerera kudzera pa kampata kake. Atakhutira, anatsegula chitseko n'kutuluka chokwawa, poti denga silinkalola kutuluka mwanjira ina. Anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kumwetulira.

Mbale ya Mayi Tuttle inagwa. Abusa anatseka buku lawo. Dewey anayang'ana Orval, anayang'ana kumbuyo kwa galimoto yakudayo, n'kuyang'ananso Orval.

"Iwe," anatero, "ngati iweyo unali kutsogolo, nanga kumbuyoku tabwera kudzaika ndani?"

Kenako anabwezera chipewa pamutu n'kuchikanikiza bwinobwino. "Ine ndavulira maliro, osati zinyalala zakozi."