Manambala a Pansi pa Njinga

Mzungu wa sitolo anagwira njingayo Gervazio asanatsike n'komwe.

Gervazio anali ataitola kudzala, kuseri kwa sitoloyo, ili dzimbiri lokhalokha. Miyezi isanu anakhala akuikwecha ndi mchenga, kuthira mafuta a nsatsi pa tcheni, kutsendera udzu m'matayala.

"Itembenuze," anatero mzunguyo.

Pansi pake panali manambala owala bwino. Gervazio sankadziwa kuwerenga. Anawapukuta masiku atatu, akuyesa ndi zokongoletsa chabe.

Mzunguyo anawerenga manambalawo nati, "Ya chaka cha 1909 iyi. Ndinaigula ndine, ndi yanga. Waikonza bwino."

Gervazio anabwerera kwawo ku Mphunzi wapansi. Mkazi wake Dorika anamuchingamira panjira.

"Njinga ija mwaisiya kuti, bambo?"

Iye anayang'ana zikhatho zake, zikununkhabe nsatsi.

"Dzimbiri linkandibisira, Dorika. Ndaiulula ndi manja angawa."