Mendulo mu Mpendero

Simbi inagunda kanthu kolimba mu mpendero wa siketi ya mwana wawo wamkazi, mayi n'kusiya kusita. Chithumwa? M'nyumba muno?

Anatenga lezala n'kudula ulusi. Munagwa mendulo ya Khristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, ija malemu amuna awo ankapachika m'lole. Itasowa, anaisaka nyumba yonse mendulo imeneyi, mpaka kukayikira alendo.

Nanga mtsikanayu akuifuniranji? Munthu woti kutchalitchi amachita kumukoka, ndipo ulendo wake ndi wa kusaluni basi, patsidya pa msewu pomwepa.

"Iwe, mawa ukupita kuti?"

"Kuntchito, amayi. Kwinanso kuti?" anayankha ali kuchipinda, mofulumira kwambiri. Kenako kunamveka zipi ya chikwama ikutsekedwa pang'onopang'ono, ngati ya munthu wosafuna kumveka.

Mayi anayang'ana chitseko cha chipindacho, n'kuyang'ana mendulo m'manja mwawo. Ngakhale aibise, mwanayu apitabe. Kungoti apita yekha.

Anapisa ulusi pasingano, anauwirikiza, n'kusokera mendulo ija momwe inali.

"Siketi yako ija ndasita," anatero. "Mawa uvale imeneyi."