Nsalu Yofiira Pampanda

"Amayi, mpweya uli ponseponse, nanga bwanji umandithawa ine ndekha?" mwanayo adafunsapo tsiku lina.

Koma m'mawa uwu sadafunse kanthu. Adangokhala pampando, mapewa akukwera ndi kutsika, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Mayi ake adali atamupopera kawiri mankhwala a mphumu, koma utsi wakuda unkalowabe pansi pa chitseko, pomwe adatsekapo ndi thaulo lonyowa.

Mayiyo adatuluka. Kuseri kwa mpanda, mnansi wawo ankaotcha matayala akale kuti achotsemo mawaya ogulitsa.

"Achimwene, zimitsani. Mwana akubanika."

"Mlongo wanga, ndikazimitsa, ana anga adya chiyani? Mpweya?"

"Bwerani mudzamuone kaye."

Bamboyo adabwera naima pakhomo, manja ali bii. Mwana uja adayesa kupereka moni, koma mawu adathera pa "Amalu…" Bamboyo adanunkhiza malaya ake omwe, nabwerera m'mbuyo. Adapita kukakwirira motowo ndi mchenga, kenaka adayandikira kumpanda.

"Chifuwa chikamuvuta, muziyanika nsalu yofiira pano. Ndikaiona, sindiyatsa. Masiku enawo ndizidikira mphepo ilowere uko."

Adaloza kumzere wina wa nyumba, komwe timalaya ta ana ena tidali pachingwe.

Mayiyo adatiyang'ana timalayato nthawi yaitali. Ankawadziwa eni ake, mmodzimmodzi. M'nyumba mwana wake adakhosomola.

"Ndiziyanika," adatero, maso ali pansi. "Inu musadzaiwale."

"Sindidzaiwala, mlongo."