Nkhalamba Siisenzetsedwa Simenti

Wogula zitsulo zakale anali atayasamula kale thumba lake pakhomo, bambo atanyamula laputopu yathu yakale ngati khoswe wakufa.

"Bambo, ikhazikeni patebulopo!" ndinakuwa. "Achimwene munawagulira yatsopano. Nanga achemwali azilembera chiyani ntchito za ku koleji? Makala?"

"Chinthuchi chimatenga chaka kuti chiyake," anatero bambo. "Chikakanika panopa, chikupita."

Ndinabaya fulashi yanga m'mbali mwa laputopuyo. Munali mitundu iwiri ya Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, imene aliyense amaloledwa kuisintha. Umodzi unali wokongola, wa zithunzi zonyezimira, womwe ndinkaulakalaka. Winawo unali wopepuka, wosaoneka bwino ngati khoma losapaka laimu. Mtima unkakokera kokongolako, koma nkhalamba siisenzetsedwa thumba la simenti. Ndinasankha wopepukawo.

Fani inatsokomola. Sikirini inada bii.

"Mphwanga, maliro sachedwetsa chonchi," anaseka wazitsulo uja.

Ndinaluma mlomo kuti ndisamutukwane pamaso pa bambo.

Kenaka kamuvi ka mausi kanatulukira. Nditakagwedeza, kanathamanga ngati kwayaka moto. Ndinadina polembera, pompo panatseguka.

Achemwali, omwe ankaonerera kumbuyo kwanga, anandichotsa pampando ndi chigongono. Analemba mzere wathunthu, zilembo zikutuluka limodzi ndi zala zawo, osatsalira ngakhale chimodzi.

"Bambo," anatero osacheuka n'komwe, "tasunthani pang'ono. Mwaponda chingwe cha kompyuta yanga."

Bambo anayang'ana pansi, nachotsa phazi.