Mkaka wa Soya, Mlandu n'Kugwera Nkhuku

Panali mayi wina ku Wigston, dzina lake Anganile, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Wandiuza nkhaniyi amapemphera naye tchalitchi chimodzi ku Leicester, ndipo akuti zinachitikadi.

Mkaka wa ng'ombe sunkamuyanja Anganile, choncho anagula makina opangira mkaka wa soya. Ankaviika soya, kumuthira m'makinamo, n'kudina batani. Makinawo ankapera ndi kuphika okha kwa mphindi makumi anayi. Mkakawo unkakoma, ndipo iye sankachedwa kuujambula n'kuponya pa gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi.

Tsiku lina Anti Christabel, nesi wachikulire wa ku Oadby, anamukokera pambali.

"Anganile, soya safuna changu. Akachita thovu musamati wapsa. Wosapsa amapweteka m'mimba."

"Anti, makinawa amadziwa okha zochita," anayankha akuseka.

Loweruka lina amayi anali ndi mapemphero kunyumba kwa Anti Christabel, ndipo Anganile analonjeza mkaka wa anthu makumi awiri. Tsikulo anaweruka mochedwa ku shifiti ya m'mawa. Makina ake ankatulutsa lita imodzi yokha pa ulendo, ndipo anaona kuti akadikira, akafika anthu atabalalika. Anadina batani loperera zipatso, lomwe limagaya mphindi zitatu osaphika. Anasefa, kuthira mumphika waukulu, ndipo thovu litangokwera anaphula. Fungo la soya wamuwisi analimva. Anawonjezera shuga ndi vanila, n'kunyamuka.

Amayi anamwa n'kuyamikira. Iye mwini sanalawe.

Pa mapempherowo panalinso Mapalo, mayi wa ku Zambia wokhala ku Normanton, ku Derby, amene anali atangolowa kumene m'gululo. Anakwera mabasi awiri atanyamula nkhuku yootcha.

Lamlungu amayi asanu ndi anayi sanaoneke kutchalitchi. Kunali kusanza ndi kutsegula m'mimba. Tiffany, amene anali woyembekezera, anathamangira naye kuchipatala n'kukamuika diripi.

Pa gulu paja wina analemba kuti, "Nkhuku ija inayenda ulendo wautali pa basi." Ena anavomereza. Anganile anawerenga mauthengawo. Akanatha kungokhala chete, koma mantha anamulembetsa kuti, "Inenso ndinaiona, mkati inali yofiira."

Mapalo anapepesa kawiri, kenako anatuluka m'gulumo.

Mu furiji ya Anganile munatsala botolo limodzi la mkaka uja, ndipo m'chipwirikiticho anaiwala kulitaya. Lolemba m'mawa, iye ali kuntchito, mwamuna wake Absalom anamwa makapu awiri. Pofika masana anali atapindika pa sofa. Anaimbira Anti Christabel kuti amuuze mankhwala ogula.

"Mwadya chiyani, bambo?"

"Palibe, Anti. Nkhuku yanu ija ine sindinaione n'komwe. Ndangomwa mkaka umene unatsala Loweruka."

Anganile pobwera anapeza galimoto ya Anti Christabel pakhomo. Anti sanakalipe. Anamutengera kukhitchini, n'kuima pafupi ndi makina aja.

"Munadina batani liti?"

Anganile analoza, maso ali pansi.

"Nanga kufiira kwa nkhuku munakuona ndi maso ati?"

Absalom, amene ankamva zonse ali pa sofa, anangotembenukira kukhoma.

"Mawa mukhale ofu kuntchito," anatero Anti. "Tikupita ku Derby. Ine ndikakusiyani pakhomo, kugogoda mukagogoda nokha."

Mapalo anatsegula chitseko, anamulowetsa, n'kumupatsa mpando. Anganile anaukana mpandowo, anagwada pa kapeti n'kufotokoza zonse, kuyambira batani lija mpaka uthenga umene analemba. Mapalo anamvetsera osamudula. Atatha, analankhula motsitsa, m'Chinyanja cha kwawo.

"Masiku atatu sininadye bwino. Nenze kuganiza kuti napha mwana wa Tiffany ali m'mimba. Kulakwitsa kuphika aliyense amalakwitsa, amai. Koma imwe munalemba kuti munaiona yofiira, pamene munali kudziwa."

Anganile analira. Mapalo anamudzutsa, anamuphikira tiyi, n'kumuuza kuti wamukhululukira.

Ali m'galimoto pobwerera, Anganile anajambula mawu ovomera mlandu wake oti atumize pa gulu. Anafufuta katatu, kachinayi Anti anamulanda foni n'kutumiza okha. Amayi onse anamvera uthengawo. Kenako Tiffany, amene anali atatuluka m'chipatala mwana ali bwinobwino, analemba mzere umodzi: "Enafenso tinamuweruza Mapalo popanda umboni. Ndani ali ndi nambala yake?"

Anamuimbira mmodzimmodzi. Mapalo anawalandira bwino onse, koma m'gulumo sanabwererenso. Pano amapemphera ku Derby konko.

Anganile akadali m'gululo. Palibe anamuthamangitsa, palibenso amaikumbutsa nkhaniyi. Kungoti akamagawana zoti aliyense abweretse, dzina lake limalembedwa kuti abweretse mapepala opukutira m'manja basi.

Phunziro: Wodziwa akakuchenjezani, mverani, ngakhale chipangizo chanu chikhale chamakono chotani. Soya aziphikidwa mpaka apse, thovu lisakunamizeni. Koma chachikulu n'chakuti mukalakwitsa, vomerani msanga. M'mimba mumapola pa masiku awiri, pamene munthu amene mwamunamizira mwina simudzamuonanso pakati panu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka a m'magulu athu ophikirana, ndipo wina akamanenedwa pa gulu, yambani mwafunsa musanawonjezere mawu anu.