Phiko la Khwangwala ndi Laputopu ya Nanzikambe

Padangokhala Khwangwala ndi Nyani, mabwenzi a ponda apa nane ndipondepo. Chaka ndi chaka ankapitira limodzi ku chionetsero cha makompyuta, ngakhale onse awiri analibe laputopu ndi imodzi yomwe.

Chaka china Nanzikambe adaonetsa laputopu yonyezimira ngati mpeni watsopano, Njoka nayenso adaonetsa yake yopyapyala ngati tsamba.

"Achimwene, taonani kuwalako!" adatero Khwangwala. "Ya a Nanzikambe ilibe inzake."

"Inu ntchito kutola zonyezimira basi," adayankha Nyani. "Ya a Njoka munthu angakwere nayo mumtengo osamva kulemera."

Mkangano udakula mpaka ndewu idabuka. Khwangwala adajompha Nyani m'diso, Nyani adamuthyola phiko. Nyama zidakhamukira kudzaonerera, zina zidabwerera kwawo zitagula malaputopu.

Polephera kuuluka, Khwangwala adadzikokera kuseri kwa tenti ya chionetserocho kukabisa manyazi. Kumeneko adapeza Nanzikambe ndi Njoka akumwera chipanda chimodzi, pakati pawo pali katoni ya malaputopu a chaka chatha. Njoka ankawavula zikuto zakale, Nanzikambe n'kumawapaka utoto wina.

"Phiko langali lathyokera inu!" adalira Khwangwala.

Nanzikambe adangotembenuza diso limodzi. "Pepani bambo, ndinu ayani? Mudagulako chiyani kwa ine?"

Chaka chotsatira Khwangwala adabweranso, wapansi. Nyani adabwera ndi diso limodzi. Sadapatsane moni. Aliyense adaima kutsogolo kwa tebulo la bwana wake, Khwangwala kwa Nanzikambe, Nyani kwa Njoka, n'kuyamba kuomba m'manja nsalu yophimba malaputopu isanavundukulidwe n'komwe.

Nthano yathera pompo, koma m'manjamo akuombabe.